Zipolopolo ziwiri za ku Sarajevo: kodi ndizo zinayambitsa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale, ndipo likuti: "Chaka ndi chaka ndimauza ophunzira anga kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inayamba chifukwa cha kuphedwa kwa Franz Ferdinand, mlowam'malo wa mfumu ya ku Austria-Hungary. Chaka chino mtsikana wina wandifunsa kuti zingatheke bwanji imfa ya munthu mmodzi kuphetsa anthu mamiliyoni, ndiponso kuti nkhani ya ku Sarajevo inafika bwanji kuno mpaka makolo athu kukasenza katundu wa asilikali. Ndinamuyankha, koma yankho langalo silinandikhutiritse ine mwini."

Aphunzitsi, ndathokoza chifukwa cha funso lanu, ndipo mukandiperekere moni kwa wophunzira wanuyo, pakuti wakhudza nkhani imene akatswiri a mbiri yakale akhala akulimbana nayo kwa zaka zoposa 100. Kusakhutira kwanu n'koyenera. Chiganizo chimene ana amaloweza pokonzekera mayeso, chakuti nkhondo inayamba chifukwa Franz Ferdinand anaphedwa, si chabodza ayi, koma chimabisa mwezi wathunthu umene akuluakulu a maboma anali ndi mpata wotsata njira ina, iwo n'kusankha nkhondo. Nkhani yeniyeni yagona m'mwezi umenewo.

Muyambe mwawakumbutsa anawo kuti masiku amenewo kupha atsogoleri sikunali kwachilendo. Mu 1898 Elisabeth, mkazi wa mfumu yomweyo ya ku Austria, anabayidwa ku Geneva. Mu 1900 mfumu Umberto ya ku Italy inawomberedwa, ndipo chaka chotsatira anaphedwa pulezidenti William McKinley wa ku America. Mu 1908 mfumu Carlos ya ku Portugal inaphedwa mumsewu ku Lisbon pamodzi ndi mwana wake amene akanalowa ufumu, ndipo mu 1913 mfumu George ya ku Greece inaphedwa ku Salonika. Maliro onsewa anthu analira n'kuika, koma panalibe dziko limene linatolera zida dziko linzake. Ndiye kuti imfa ya ku Sarajevo, likulu la Bosnia, inagwera pamalo pomwe panali kale chilonda, ndiponso panapezeka anthu amene anafuna kuigwiritsa ntchito.

Franz Ferdinand sanali mwana wobereka wa mfumu Franz Joseph, nkhalamba ya zaka 83 imene inakhala pampando kuyambira mu 1848. Mwana wamwamuna yekhayo wa mfumuyo, Rudolf, anadzipha ku Mayerling mu 1889, ndipo ufumu unagwera ku banja la mng'ono wake wa mfumu, Karl Ludwig, bambo wake wa Franz Ferdinand, amene anamwalira mu 1896. Mfumu ndi mlowam'malo wakeyu sankamwerana madzi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali ukwati. Franz Ferdinand anakonda Sophie Chotek, mayi wa ku banja lolemekezeka la ku Bohemia koma losakhala lachifumu, ndipo kuti aloledwe kumukwatira analumbiritsidwa pa 28 Juni 1900 kuti mkaziyo sadzakhala mfumukazi komanso ana awo sadzalowa ufumu. Ku Vienna, likulu la ufumuwo, Sophie sankaloledwa kukhala pambali pa mwamuna wake pa miyambo ya kunyumba yachifumu. Koma ku Bosnia mwamunayo ankapita ngati woyendera asilikali a ufumu wonse, ndipo pa ulendo wotere mkazi wake akanatha kukwera naye galimoto imodzi poyera.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa, chimene ine ndimachiona chachikulu pa nkhani yonseyi, n'chakuti munthu amene anaphedwayu ndiye ankatsekereza nkhondo ku Vienna. Sikuti anali wofatsa kapena wokonda Aserbia. Anali munthu waukali ndi wosachedwa kupsa mtima. Koma ankaona kuti kumenya Serbia n'kuputa Russia, ndipo kuti nkhondo ndi Russia ikanagwetsa maufumu onse awiri. Mkulu wa asilikali, Franz Conrad von Hötzendorf, anapempha kangapo konse kuti aloledwe kuthira nkhondo Serbia, ndipo amene ankamukaniza kwambiri anali Franz Ferdinand. Iye ankalingaliranso zochepetsa mphamvu za akuluakulu a ku Hungary ndi kupatsa mitundu ya Asilavu, monga Aserbia, Akroati ndi Acheki, mawu ochuluka mu ufumuwo, zomwe kwa achinyamata ofuna kuchoka mu ufumuwo zinali zoopsa kuposa nkhanza, chifukwa anthu akapatsidwa pang'ono amaleka kufuna kuchoka.

Chilonda chimene ndanena chija chinali Bosnia. Dera la Bosnia ndi Herzegovina linali pansi pa ufumu wa Turkey kwa zaka mazana, ndipo mu 1878 mayiko akuluakulu atakumana ku Berlin analipereka kwa Austria-Hungary kuti aziliyang'anira. Mu 1908 boma la ku Vienna linalengeza kuti deralo tsopano ndi lawo kotheratu. Anthu a m'deralo anali a magulu atatu, Aserbia a mpingo wa Orthodox amene anali ochulukirapo ngakhale sankafika theka, Asilamu, ndi Akatolika a mtundu wa Chikroati. Kutsidya kwa mtsinje wa Drina kunali dziko lodzilamulira la Serbia, laling'ono, la anthu pafupifupi mamiliyoni anayi ndi theka, poyerekeza ndi anthu oposa 50 miliyoni a mu Austria-Hungary. Koma kadziko kameneka kanali katangopambana kumene nkhondo ziwiri za ku Balkan mu 1912 ndi 1913, kanakula pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo ambiri mwa asilikali ake ankanena poyera kuti ntchito yotsatira inali Bosnia. Kwa ufumu wa mitundu yambirimbiri ngati Austria-Hungary, momwe munali Ajeremani, Ahangare, Acheki, Apolishi, Aromania, Aitaliya ndi ena, mawu oterewa anali oopsa, pakuti mtundu umodzi ukanachoka, ina yonse ikanaona khomo.

Anyamata amene anachita chiwembucho anali nzika za Bosnia, osati za Serbia. Gavrilo Princip anali ndi zaka 19, mwana wa mlimi wosauka, wochepa thupi ndi wokonda kuwerenga. Iye ndi anzake awiri, Nedeljko Čabrinović ndi Trifko Grabež, anali ku Belgrade, likulu la Serbia, pamene anamva za ulendo wa mlowam'maloyo. Anali a kagulu ka achinyamata kotchedwa Mlada Bosna, kutanthauza Bosnia Wachinyamata, kamene kankafuna kuti Asilavu onse a kumwera akhale dziko limodzi. Zida anazipeza kudzera mwa anthu a gulu lachinsinsi lotchedwa Umodzi kapena Imfa, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina lakuti Dzanja Lakuda, limene linakhazikitsidwa mu 1911. Mtsogoleri wake, Dragutin Dimitrijević, wodziwika ndi dzina lakuti Apis, anali mkulu wa akazitape a asilikali a Serbia, ndipo anali mmodzi mwa asilikali amene anapha mfumu yawo yomwe, Alexander, ndi mkazi wake Draga mu 1903. Anyamatawo anapatsidwa mfuti zing'onozing'ono zinayi, mabomba asanu ndi limodzi ndi poizoni woti amwe akamaliza ntchito, ndipo alonda a m'malire a Serbia anawathandiza kuoloka. Ku Sarajevo mphunzitsi wina wakale, Danilo Ilić, anawonjezerapo anyamata ena atatu, mmodzi mwa iwo Msilamu.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa mlandu wonse unadzakhazikika pa funso lakuti boma la Serbia linadziwapo chiyani. Nduna yaikulu Nikola Pašić inali pa mkangano woopsa ndi Apis, ndipo sinkafuna nkhondo pa nthawi imene asilikali ake anali otopa ndi nkhondo ziwiri zija. Pali umboni wakuti inamva mphekesera zoti anyamata a zida aoloka malire, ndipo kazembe wa Serbia ku Vienna anakalankhula ndi nduna yoyang'anira Bosnia, Leon Biliński, kuti ulendowo ungakhale woopsa, koma analankhula mozungulira kwambiri moti chenjezolo silinamveke ngati chenjezo. Boma silinatume anyamatawo, koma anthu olandira malipiro a boma ndiwo anawapatsa zida. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Tsikulo linali Lamulungu, pa 28 Juni 1914, tsiku limene Aserbia amakumbukira nkhondo ya ku Kosovo ya mu 1389, pomwe makolo awo anamenyana ndi ankhondo a Turkey. Njira imene alendowo akanadzera inali italengezedwa kale m'nyuzipepala, apolisi anali ochepa, ndipo asilikali amene anali pa maphunziro awo pafupi ndi mzindawo sanaikidwe m'misewu. Galimoto zinayenda mondondozana mumsewu wotsata mtsinje wa Miljacka, ya mlowam'maloyo ili yotsegula pamwamba kuti anthu amuone. Mnyamata woyamba anachita mantha, osaponya kanthu. Nthawi itangopitirira pang'ono 10 koloko, Čabrinović anaponya bomba lake, koma linagunda denga lopindidwa la kumbuyo kwa galimotoyo, n'kugwera mumsewu, n'kuphulikira pa galimoto yotsatira. Anthu angapo anavulala, kuphatikizapo msilikali wothandizira Oskar Potiorek, bwanamkubwa wa Bosnia. Čabrinović anamwa poizoni uja n'kudumphira mumtsinje, koma poizoniyo anangomusanzitsa, ndipo madzi anali osafika n'komwe m'mawondo, choncho anamugwira pomwepo.

Apa chiwembu chinali chitalephera. Alendowo anafika ku holo ya mzinda, kumene Franz Ferdinand anadula mawu mfumu ya mzindawo mokalipa, kudandaula kuti wabwera kudzacheza koma walandiridwa ndi mabomba. Mtima utatsika, anaganiza zosintha dongosolo kuti akazonde ovulala aja kuchipatala, ndipo anagwirizana kuti galimoto zibwerere molunjika mumsewu wa m'mbali mwa mtsinje uja, osalowa m'tinjira ta pakati pa mzinda. Koma palibe amene anauza oyendetsa galimoto. Atafika pafupi ndi mlatho wotchedwa Latin, dalaivala Leopold Lojka anakhotera kumanja motsata dongosolo lakale, ndipo Potiorek anamukuwira kuti walakwa njira. Dalaivalayo anaima kuti abwerere m'mbuyo, kutsogolo kwa sitolo ya Moritz Schiller, ndipo pamalo pomwepo, mapazi owerengeka chabe kuchokera pa galimotoyo, panali pataima Princip. Msilikali wina, Franz von Harrach, anali ataima pa chopondera cha galimoto kumanzere kuti atchinjirize mbuye wake ku mbali ya mtsinje, koma Princip anali kumanja. Anawombera kawiri. Chipolopolo chimodzi chinalasa Franz Ferdinand pakhosi, china chinalasa Sophie pamimba. Harrach anadzachitira umboni kuti anamva mwamunayo akuchonderera mkazi wake kuti asafe, akhale ndi moyo chifukwa cha ana awo, ndipo atafunsidwa ngati akumva ululu ankangobwereza kuti si kanthu. Pofika cha m'ma 11 koloko onse awiri anali atatsirizika, n'kusiya ana atatu amasiye.

Princip anapulumuka chingwe chifukwa malamulo a Austria sankalola kunyonga munthu wosafika zaka 20, ndipo iye anali atatsala ndi masabata ochepa kuti azikwanitse. Anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 20, koma anamwalira ndi chifuwa chachikulu ku Theresienstadt pa 28 Epulo 1918, atadulidwa mkono, nkhondo isanathe. Ilić ndi anthu ena awiri amene anathandiza anyamatawo ananyongedwa mu Febuluwale 1915, ndipo Apis anaphedwa ndi boma lake lomwe la Serbia mu 1917.

Tsopano tabwera pa mwezi uja. M'masiku oyambirira mayiko ambiri a ku Ulaya anamvera chisoni Austria, ndipo palibe ankayembekezera nkhondo yaikulu. Mwambo wa maliro ku Vienna unali waufupi, mafumu a mayiko ena sanaitanidwe, ndipo awiriwo anakaikidwa ku nyumba yawo ya ku Artstetten. Ine ndimadandaula nayo mfundo imeneyi, chifukwa ife tikudziwa kuti pamaliro ndi pamene anthu odana amakhala pamphasa imodzi n'kulankhulana, ndipo mpata wotere sunapezeke. M'malo mwake Conrad ndi nduna yoona za kunja, Leopold Berchtold, anagwirizana kuti nthawi yothana ndi Serbia yakwana, ndipo munthu amene akanawaletsa anali m'bokosi. Yekhayo amene anakana poyamba anali nduna yaikulu ya Hungary, István Tisza, koma pofika pa 14 Julayi nayenso anagonja. Wofufuza amene boma linatumiza ku Sarajevo, Friedrich von Wiesner, analemba pa 13 Julayi kuti sanapeze umboni wosonyeza kuti boma la Serbia linalamula chiwembucho, koma izi sizinasinthe maganizo a aliyense, pakuti chigamulo chinali chitapangidwa kale.

Austria sakanayerekeza kusuntha yekha, poopa Russia, ndipo n'chifukwa chake anatumiza mthenga, Alexander Hoyos, ku Berlin. Pa 5 ndi pa 6 Julayi mfumu ya Germany, Wilhelm II, amene anali bwenzi la malemuyo ndipo anali atamuchezera masabata awiri okha imfayo isanachitike, pamodzi ndi mkulu wa boma lake, Theobald von Bethmann Hollweg, analonjeza kuti Germany adzaima pambuyo pa Austria pa chilichonse chimene angachite, ngakhale Russia atalowererapo. Akatswiri amalitchula lonjezoli kuti cheke chosainidwa koma chosalembapo ndalama, chifukwa wolandirayo akanatha kulembapo mulingo uliwonse. Ajeremani ankayembekezera kuti Austria amenya msanga, chisoni cha anthu chisanazilale, ndipo Russia angokalipa n'kukhala pansi monga anachitira pa nkhani ya Bosnia mu 1909. Komanso akuluakulu a asilikali awo, motsogozedwa ndi Helmuth von Moltke, ankaona kuti Russia akuchulukitsa asilikali ndi kumanga njanji mofulumira, moti pofika cha m'ma 1917 adzakhala wosagonjetseka, ndipo ankati ngati nkhondo ili yobwera ndithu, kuli bwino ibwere lero.

Koma Austria anachedwa. Asilikali ake ambiri anali atapatsidwa tchuthi kuti akathandize kukolola kumidzi kwawo, ndipo pulezidenti wa France, Raymond Poincaré, anali pa ulendo wokacheza ku St Petersburg kuyambira pa 20 mpaka pa 23 Julayi, kotero boma la ku Vienna linadikira kuti achoke kaye, kuopa kuti Russia ndi France angapangane pamaso m'pamaso. Madzulo a pa 23 Julayi, 6 koloko, kazembe wa Austria ku Belgrade, Wladimir Giesl, anapereka kalata ya mfundo khumi yofuna yankho m'maola 48. Kalatayo inalembedwa dala kuti ikanidwe. Inalamula Serbia kutseka nyuzipepala ndi mabungwe odana ndi Austria, kuchotsa ntchito asilikali ndi antchito a boma amene Austria angawatchule, ndiponso, pa mfundo yachisanu ndi chimodzi, kulola nthumwi za Austria kutenga nawo mbali pa kufufuza mlanduwo m'dziko la Serbia momwemo. Pašić anabweretsa yekha yankho pa 25 Julayi, kutatsala mphindi zochepa kuti nthawi ithe. Linali yankho laulemu ndi lochenjera, lovomera zambiri, zina mozemba, koma lokana mfundo yachisanu ndi chimodzi ija. Giesl anali atamanga kale katundu, ndipo pasanathe ola limodzi anali atakwera sitima.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kuti wophunzira aliyense achimve. Wilhelm II atawerenga yankho la Serbia m'mawa wa pa 28 Julayi, analemba kuti chifukwa chilichonse chomenyera nkhondo chatha, ndipo anaganiza kuti Austria angogwira mzinda wa Belgrade ngati chikole mpaka malonjezo akwaniritsidwe. Nduna yoona za kunja ya Britain, Edward Grey, nayo inali itapempha kuti mayiko osakhudzidwa mwachindunji akhale pansi akambirane. Njira zinalipo ndithu. Koma maganizo a Wilhelm anafika ku Vienna mochedwa ndiponso atasungunulidwa, ndipo tsiku lomwelo Austria-Hungary analengeza nkhondo pa Serbia kudzera pa telegalamu. Tsiku lotsatira mizinga inayamba kugwa pa Belgrade.

Russia sanakhale pansi ulendo uno. Anali atagonja kwa Japan mu 1905, anachititsidwa manyazi pa nkhani ya Bosnia mu 1909, ndipo nduna zake zinkaona kuti akasiya Serbia kuti aphwanyidwe, palibenso dziko la ku Balkan limene lidzamuwerengere. Anali atayamba kale kukonzekera mwakachetechete kuyambira pa 26 Julayi, ndipo pa 30 Julayi mfumu Nicholas II, atazengereza ndi kutumizirana matelegalamu ndi Wilhelm, analamula kuti asilikali a dziko lonse asonkhanitsidwe. Apa mpamene dongosolo la nkhondo la Germany linaononga zinthu. Popeza Russia ndi France anali pa pangano kuyambira mu 1894, Ajeremani ankadziwa kuti adzamenyana mbali ziwiri, ndipo dongosolo lawo, limene linayambitsidwa ndi Alfred von Schlieffen, linali lakuti agonjetse kaye France m'masabata pafupifupi asanu ndi limodzi podzera ku Belgium, Russia asanamalize kusonkhanitsa anthu ake, kenako atembenukire kum'mawa. Kwa mayiko ena kusonkhanitsa asilikali kunali kuopseza kumene kukanatha kubwezedwa, koma kwa Germany kunali kuyamba nkhondo, chifukwa sitima zonyamula asilikali zinkalunjika m'dziko la eni. Pa 1 Ogasiti Germany analengeza nkhondo pa Russia, pa 3 Ogasiti pa France, ndipo pa 4 Ogasiti asilikali ake analowa mu Belgium, dziko limene mayiko akuluakulu, kuphatikizapo Prussia (ufumu umene unadzatsogolera Germany) ndi Britain, analonjeza mu 1839 kuti silidzakhudzidwa pa nkhondo zawo. Usiku wa tsiku lomwelo Britain analowa nkhondo.

Mabuku ena amaphunzitsa ngati kuti mapangano ndiwo anakoka mayiko onse okha, popanda munthu wosankha. Ine sindigwirizana nazo. Italy anali pa pangano ndi Germany ndi Austria kuyambira mu 1882, koma anakana kulowa, ponena kuti panganolo linali lodzitetezera osati loputira ena, ndipo mu 1915 analowa ku mbali inayo. Russia analibe pangano lolembedwa lomukakamiza kuteteza Serbia. Britain nayenso analibe pangano lomukakamiza kumenyera France, ndipo nduna zake zinagawanika kwambiri mpaka nkhani ya Belgium itabwera, ngakhale kuti mantha akuti Germany angalamulire Ulaya yense ndi gombe loyang'anizana ndi England analinso aakulu. Mapangano, mpikisano wa zida ndi kulimbirana maiko achitsamunda zinaunjika udzu wouma, koma mikangano ina yoopsa, monga ya ku Morocco mu 1905 ndi 1911, inatha popanda nkhondo udzuwo uli pomwepo.

Mukandifunsa kuti wolakwa ndani, yankho langa ndi lakuti mlandu waukulu uli pa atsogoleri a ku Vienna, amene anafuna nkhondo ndi Serbia akudziwa kuti ingathe kukula, ndi a ku Berlin, amene anawalimbikitsa ndiponso anaukira mayiko a kumadzulo amene sanawapute. Pambuyo pawo pakubwera Russia, amene anafulumira kusonkhanitsa asilikali onse, France amene anamulimbitsa mtima osamuletsa, ndi asilikali a Serbia amene anapatsa ana zida. Pangano la ku Versailles, limene linasainidwa pa 28 Juni 1919, patatha zaka zisanu zenizeni chichitikire cha ku Sarajevo, linasenzetsa Germany ndi anzake udindo wa zoonongeka zonse, ndipo kuyambira pamenepo mtsutso sunathe. Mu 1961 katswiri wa ku Germany komweko, Fritz Fischer, anautsa mapiri pachigwa ponena kuti dziko lake linali ndi mlandu waukulu, pamene ena a masiku ano amagawa mlanduwo mofanana kwa onse. Muwauze ophunzira anu kuti mtsutsowu ulipo, koma asautenge ngati chifukwa chonenera kuti palibe amene analakwa, pakuti asilikali pafupifupi 9 miliyoni kapena kuposerapo anafa, osawerengera anthu wamba mamiliyoni ena.

Gawo lachiwiri la funso la mtsikanayo yankho lake ndi lalifupi koma lowawa. Britain atalowa nkhondo pa 4 Ogasiti, maiko onse amene ankawalamulira analowa naye limodzi popanda kufunsidwa, ndipo Nyasaland inali m'malire ndi German East Africa, dziko limene gawo lake lalikulu lero ndi Tanzania. Pasanathe masabata awiri, sitima ya boma yotchedwa Gwendolen, yoyendetsedwa ndi kaputeni Rhoades, inaoloka nyanja yathu kupita ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli, n'kuwombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wa Chijeremaniyo, amene ankadziwana bwino ndi Rhoades, anali asanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga n'kubwezedwa, ndipo ambiri mwa amene anafa mbali zonse ziwiri anali asilikali akuda.

Miyezi iwiri pambuyo pake, mu Novembala 1914, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a kuno, opanda chilichonse choti apindule, akuitanidwa kukafera nkhondo ya eni ake n'kusiya akazi ndi ana amasiye, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire, ndipo pa 23 Januwale 1915 iye ndi omutsatira anaukira atsamunda. Choncho funso la wophunzira wanu linafunsidwapo kale kuno kwathu nkhondo ili mkati.

Kuyambira mu 1916, pamene mkulu wa asilikali Edward Northey anayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja, vuto lalikulu linali la mtengatenga. Kunalibe njanji kapena misewu yodalirika, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndipo thumba lililonse la ufa ndi bokosi lililonse la zipolopolo linkayenda pamutu pa munthu. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland analowa usilikali wa King's African Rifles, ndipo pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga pa nthawi zosiyanasiyana, ambiri mochita kugwidwa kudzera mwa mafumu awo, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala kusiyana ndi zipolopolo, minda inagonera m'midzi chifukwa chosowa amuna, ndipo chakumapeto kwa 1918 kunabweranso mliri wa fuluwenza. Akuluakulu ankaitchula kuti nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija. Nsanja ya chikumbutso imene ili ku Zomba inamangidwa pokumbukira asilikali a King's African Rifles, koma amtengatenga ambiri anaikidwa m'mbali mwa njira, m'manda opanda dzina.

Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, ufumu wa Austria-Hungary utaphwasuka kale, ndipo Bosnia analowa m'dziko latsopano la Asilavu a kumwera limene linadzatchedwa Yugoslavia. Kuno nkhondo inapitirirabe masiku ena. Mkulu wa asilikali a Chijeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, amene anali atazungulira kumpoto kwa Mozambique n'kulowa mu Northern Rhodesia, anamva za kutha kwa nkhondo ali kufupi ndi mtsinje wa Chambeshi, m'dera la Kasama, ndipo anakatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, tauni imene lero ndi Mbala ku Zambia.